Apakhonde Akajambula Nyimbo ku Balaka

Lolemba, m'mawa

Ndagula kope latsopano, lachikuto chofiira. Nkhani ya sabata ino si yolemba kuseri kwa mapepala a mayeso a ana.

Nkhani yake nayi: Che Ajusa akuchoka Lamulungu. Akupita kukakhala kwa mwana wawo wamkazi ku Mozambiki, kudutsira pa Nayuchi, ndipo sakubwerako. Maso awo akutha. Telala amene ankalowetsa ulusi pasingano uku akuyang'ana kumsewu, lero akuchita kupempha wodutsa. Akuchipatala anawauza kuti chotsala ndi mdima basi, pang'onopang'ono.

Taimba limodzi zaka khumi ndi chimodzi, atatufe, koma palibe pamene mawu athu anasungidwa. Dzulo anena uku akuseka kuti, "Aphunzitsi, kumene ndikupitako ndikakhala ndi makutu okha." Ine sindinaseke. Zandipweteka, sindibisa.

Ndiye ndatsimikiza mtima. Pofika Lamulungu nyimbo yathu ikhale pa memori kadi, kadiyo ikhale m'thumba mwa Che Ajusa. Zivute zitani!

Gulu lathu, kuti wodzatola kopeli ndikadzafa adziwe:

1. Ine. Mphunzitsi wa Sitandade 2, wotsogolera kwaya kutchalitchi kwathu kwa Akatolika. Mawu ndi chisekese.
2. Che Ajusa. Telala wa pa Ulongwe, Msilamu, ng'oma ya manganje. Mapazi amaponda makina, dzanja lamanzere limakankha nsalu, lamanja limamenya kang'oma komangirira m'mbali mwa tebulo. Zonse nthawi imodzi.
3. A Fanuwelo. Okonza njinga, opemphera Loweruka, gitala. Nsambo ziwiri ndi zogula, zinayi ndi mawaya a buleki. Amaimba rege koma miyendo imavina tchopa, poti agogo awo anali Alomwe ochokera tsidya lija la Mozambiki. Eni ake amakana. "Ine sindivina, ndimangosintha mwendo."

Dzina tilibe. Tinakangana chaka chathunthu, mpaka anthu a pamsika anangotitcha Apakhonde, poti timaimbira pakhonde pamene Che Ajusa amasokera. Akuluwo sachoka pantchito, ndiye nyimbo ndi imene imapita kwa iwo.

Lolemba, masana

Ndaimbira foni bambo wa situdiyo ku Balaka. Aliyense amangowatchula kuti a Injiniya. Vuto ndi tsiku.

Lachisanu, iyayi. Che Ajusa kumzikiti.
Loweruka, iyayi. A Fanuwelo sagwira ngakhale sipanala.
Lamulungu, iyayi. Misa, komanso ndilo tsiku laulendo.

Mulungu ndi mmodzi, koma atatufe aliyense ali ndi tsiku lake lokamuona! Latsala Lachinayi. Mawa ndi mkuja tiyeserera.

A Injiniya afunsa kuti nyimbo yake ndi yamtundu wanji. Ndafotokoza bwinobwino. Mutu wake ndi "Khalani Anayi-anayi", yonena kuti moyo uno ndi minibasi. Ndime yoyamba ndi ya a Fanuwelo, rege yotsetserekera ku tchopa. Yachiwiri ndi ya Che Ajusa, manganje, m'Chiyao. Yachitatu ndi yanga, yachikwaya, yoyambira pansipansi n'kukwera mpaka pamene mbuzi za pamsika zimasiya kudya.

A Injiniya amvetsera mpaka kumapeto. Kenako: "Ndiye pakompyuta ndilembe kuti chiyani, mayi?"

Ndati lembani kuti yabwino.

Lolemba, madzulo

Bambo a kunyumba kuno atamva: "Si inu munathawitsa anthu paukwati ku Liwonde?"

Anthu ena kusunga zinthu! Zoona, taimbapo kunja kwa khonde kawiri, ndipo kawiri konse zinasokonekera. Koma ku Liwonde inali njala, anatiimbitsa tisanadye. Kusukulu kwathu tsiku lotsekera inali mphepo. Zifukwa zomveka bwinobwino.

Podutsa pamsika ndapeza makina osokera akukwezedwa pa pikapu. Che Ajusa awapereka kwa Asiyatu, mwana wa mlongo wawo, amene nayenso amasoka ku Phalula. Akuluwo anali akupukutabe tebulo lake ndi mkono wa malaya, makinawo ali kale m'galimoto. Chisoni ndithu.

Koma ine ndaonapo phindu. Tsopano manja onse awiri ali pang'oma. Nyimbo ikoma kuposa kale!

Lachiwiri, m'mawa

Zotenga: chisekese, wenzulo wa kusukulu, mbatata yootcha kuti pasakhale wonena za njala.

Lachiwiri, masana

Mayo ine!

Taimba kasanu ndi kawiri. Palibe ulendo umene tafika limodzi kumapeto. A Fanuwelo akuthamanga ngati njinga yawo yaduka buleki pamtsetse. Che Ajusa, ndi manja awiri aja, akuyamba ngati tikuperekeza maliro n'kutsiriza ngati beni. Ulendo wachinayi ine ndalowa ndime yanga iwo akadali pakati pa yachiwiri.

Wolakwa, malinga ndi aliyense:

A Fanuwelo akuti ng'oma yalefuka ndi mphepo ya Ogasitiyi. Tasonkha moto wa mapesi, tawamba, Che Ajusa amata phula latsopano pakati. Yalira bwino zedi. Tasokonezanso.

Che Ajusa akuti waya wachitatu wa gitala unachokera panjinga ya kabaza, "unazolowera liwiro." Tasintha. Tasokonezanso.

Ine ndikuti ndi ulesi. Ndaliza wenzulo ngati pa asembule, ndawerenga wani, thu, firii. Tayamba limodzi ngati anthu. Pofika mzere wachitatu aliyense walowera kwawo.

Mayi wogulitsa tomato patsidya pa msewu, amene watimvera zaka zonsezi, wakuwa ali pomwepo: "Lero mukuimba nyimbo zitatu nthawi imodzi, kapena ndi makutu anga?"

Sindinamuyankhe. Tomato wake ndi wamadzi.

Lachiwiri, madzulo

Sindikugonja. Kuthamanga sikufika. Mawa tiyamba sikisi koloko mpaka dzuwa kulowa. A Fanuwelo atseke shedi yawo, wobooka tayala ayende pansi. Ndawauza awiriwo kuti wochoka pakhondepo achoke ndi chilolezo changa, ngati ana a Sitandade 2.

Lachitatu, m'mawa

Masamba aikidwa pamsewu. Maliro.

Agogo a kuseri kwa chigayo atisiya, ndipo kuika ndi lero lomwe. Mzimu wawo uuse mumtendere. Koma agogo inu, munakhala zaka zonsezo, simukanadikira Lolemba?

Ambuye mundikhululukire, ndalemba kale, ndipo ndi inki.

Pamudzi pakagwa maliro ng'oma silira. Ngakhale wailesi amatsitsa. A Fanuwelo ali kumanda ndi adzukulu anzawo, akukumba. Che Ajusa akhala ndi amuna pansi pa mango. Ine ndili ndi kwaya, poti malemuwo anali athu.

Lonjezo: ndisunga mawu. Ndizingotsegula pakamwa ngati nsomba.

Lachitatu, madzulo

Lonjezo latha nyimbo yachiwiri isanathe. Asopurano athu aiyambira pamwamba ngati akuthyola mapapaya, anthu onse angoti chete kuwasiya okha. Ndikanatani? Maliro a munthu wamkulu aimbidwe chonchija ine ndili pomwepo? Ndalowa. Kuyambira m'mawa mpaka folo koloko, kunyumba, panjira, kumanda, fumbi lonse likulowa kukhosi.

Pobwerera ndayesa nzeru. Ndalowa pakati pa awiriwo n'kumang'ung'udza kolasi yathu pansipansi, kuti angoikumbukira. Amayi apampando a bungwe lathu la kutchalitchi anali kumbuyo kwanga.

"Aphunzitsi, imeneyo ili patsamba lanji m'buku?"

Ndatsokomola. Che Ajusa anong'ona osatembenuka: "Sikomo, Aphunzitsi, lero ndi la agogo." Manyazi ake! Ndinafuna nthaka ing'ambike, koma adzukulu anali atakwirira kale.

Pakhosi pakukanda. Mankhwala amene ndamwa: jinja, mandimu, uchi, ndi dzira laliwisi limene a Fanuwelo akuti oimba onse amamwa. Dziralo labwerera njira yomwe linalowera.

Bambo a kunyumba: "Mankhwala ake ndi kukhala chete."

Amenewo sindimwa.

Mawa ku Balaka. Sitinayeserere, koma situdiyo ili ndi makompyuta. Zikakonzekera komweko.

Lachinayi, m'mawa

M'minibasi takhaladi anayi-anayi, wachisanu pabondo la a Fanuwelo. Gitala ili pakhosi panga, ng'oma pamiyendo ya Che Ajusa. Iwo avala mkanjo woyera ndi kofiya yatsopano. Ndawauza kuti mawu okha ndi amene ajambulidwe, osati nkhope. "Mawu nawonso amafuna ulemu," atero.

Situdiyo ndi kachipinda kuseri kwa sitolo ya zitsulo. Zenera palibe. Makoma onse amata mathireyi a mazira. A Injiniya ndi bambo aulemu, amimba, ovala chipewa chaubweya m'nyumba motentha chonchi.

Malamulo awo:

Moto m'situdiyo, iyayi. Ndiye ng'oma tikuwambira panja, pambaula ya mayi wootcha chimanga, n'kuthamanga nayo isanazizire.

Aliyense aimbe payekha, iwo alumikiza.

Aliyense avale mahedifoni. M'menemo muli kanthu kolira kuti tiki, tiki, tiki. Akuti tizikatsatira.

Lachinayi, masana

A Fanuwelo: "Kameneka kakundithamangitsa."

Che Ajusa avula mahedifoni n'kuwagwedeza: "Mwalowa chiwala umu."

Ine ndatsatira bwinobwino, koma onse atatu akuti ndine ndasochera kwambiri. Nsanje.

Tayesa kuimba limodzi. Zomwe zija za Lachiwiri. Ng'oma yapita kumbaula kanayi, mayi wa chimanga wayamba kutiyang'ana ndi diso loipa. A Injiniya avula chipewa. Kumutu kulibe tsitsi, ndipo thukuta lili kamukamu.

Lachinayi, madzulo, m'minibasi yobwerera

Ndikulemba pabondo, zilembo zikuvina, koma izi sizidikira.

Tili pakati poyesa komaliza, a Injiniya awerama kuti atole waya pansi. Akhala komweko osadzuka. Kenako: "Kodi akuluwa mapazi awo akutani?"

Tayang'ana tonse. Mapazi a Che Ajusa ali pansi pa mpando, akuponda mphepo. Kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, akufunafuna chopondera cha makina chimene palibe.



Zaka khumi ndi chimodzi! Wotitsogolera sindinali ine. Sinali ng'oma. Anali makina osokera! Kulira kwake kuja, tcheke-tcheke-tcheke, ndiko tonse timatsatira osadziwa. Ku Liwonde sinali njala. Kusukulu sinali mphepo. Ndipo ine, mphunzitsi wa satifiketi yake, ndinaima Lolemba n'kumakondwera woimba wathu wamkulu akukwezedwa pa pikapu!

Che Ajusa aseka mpaka kupukuta misozi ndi kofiya. "Ndiye gululi linali la anayi."

A Injiniya ayesa kutipangira kulira kwa makina pakompyuta. Che Ajusa amvetsera mutu utapendekeka. "Amenewo ndi amagetsi. Anga amatsimphina pang'ono, ndipo amapuma ndikafika pokhota."

Chabwino. Matenda akadziwika, mankhwala savuta. Pulani ya mawa:

Ine ndi a Fanuwelo ku Phalula m'mamawa, kukatenga makina.
Che Ajusa akapemphere Juma yawo, atipeze ku Balaka.
A Injiniya avomera kutidikira masana.

A Fanuwelo: "Koma mukumbukire, Aphunzitsi, mawa dzuwa likangolowa Sabata layamba."

Ndati dzuwa likatipeza tili kunyumba, tikumvera nyimbo yathu.

Lachisanu, m'mawa, ku Phalula

Mawu anga asanduka a mwamuna. Ndikulankhula monong'ona kuti otsalawo ndisungire ndime yachitatu.

Asiyatu tampeza pakati pa madiresi asanu ndi limodzi a operekeza mkwati. Ukwati wake ndi mawa. Ulusi uli mkamwa, tepi ili pakhosi.

"Anti, makinawa sachoka pano. Mwini ukwati andidya wamoyo."

Ndanong'ona za mbiri ya gulu. Sizinamukhudze. Ndanong'ona za luso. Wapitiriza kusoka. Pomaliza ndangomuuza zimene amalume ake ananena, kuti kumene akupitako akakhala ndi makutu okha. Wasiya kuponda. 

Malamulo ake: iye apita nawo, madiresi apita nawo, kusoka sikuima, ndipo makina agona ku Phalula lero lomwe. Ndavomera zonse. Akanati ndimuberekenso kumsana ndikanavomera.

Lachisanu, masana

Minibasi zitatu zatikana. Yachinayi, kondakitala wazungulira makinawo kawiri. "Ameneyu akwera ngati munthu kapena katundu?"

Ndaiwala kunong'ona. Ndamukuwira kuti ameneyo ndi woimba, ndipo akuposa iye ndi dalaivala wake kuphatikiza. Takangana kuyambira pa Phalula mpaka pa Chingeni. Ndapambana, koma pakhosi pakuwawa ngati ndameza minga ya chambo.

Zotsatira, mwa ndondomeko yake:

Wani koloko, tafika ku Balaka. Makina sakulowa pachitseko cha situdiyo. A Fanuwelo amasula mutu wake, talowetsa padera-padera, amanganso.

Thu koloko, tazindikira kuti lamba wa makina wagwera panjira. A Fanuwelo apita kumsika, abwera ndi chubu chakutha cha njinga, adula, alumikiza ndi waya. Akuzungulira! Munthu ameneyu ndimamunyoza, koma manja ali nawo.

Firii koloko, Che Ajusa kulibe.

Hafu pasiti firii, kulibe. Pafoni akuti minibasi yawo yaima pamphambano ya ku Liwonde, ikudikira kudzaza.

Folo koloko ndaima pamsewu ndikuyang'ana dzuwa. Likutsika ngati lalipidwa.

Hafu pasiti folo afika, akuyenda mwaufumu, akupereka moni kwa aliyense panjira. Ndawagwira mkono n'kuwakoka. Ng'oma kumbaula. Mayi wa chimanga wati tigule kaye chimanga. Tagula.

A Injiniya akuti angoponda makina opanda kanthu. Che Ajusa akana: "Makina opanda nsalu amalira bodza." Asiyatu walowetsa ulusi, waika mpendero wa diresi, wakhala pambali kuti aziwongola nsalu yekha, poti amalume ake akhoza kusokera mkono kukhosi.

Lachisanu, madzulo

Ndilembe bwinobwino, chifukwa zinthu ngati izi munthu amadzaiwala mmene zinakomera.

Che Ajusa aponda. Tcheke-tcheke-tcheke. Thupi langa lonse lati eya, ndi ameneyu.

A Fanuwelo alowa ndi gitala ngati akulowa m'nyumba mwawo. Ndime yoyamba yadutsa yosalala, mwendo ukusintha wokha. Kolasi tonse atatu, chisekese changa chikugwera pamalo pake. Ndime yachiwiri Che Ajusa atsinzina, akuimba Chiyao chawo chija mawu akunjenjemera pang'ono, ng'oma ikuyankha. Asiyatu akuwongola nsalu misozi ikugwera padiresi ya eni ake. A Injiniya akuvina ndi mimba ali pampando. Sitinaimbepo chonchi chiyambire. Ndikunena zoona, sitinaimbepo.

Kolasi yachiwiri ikutha. Yanga ikubwera. Ndameza malovu, ndaimika msana, ndakoka mpweya wonse wa m'kachipindako.

Ndiye kunja, kudutsa mathireyi onse a mazira aja, yamveka azana ya kumzikiti. Kuitana kwa swala ya dzuwa litalowa.

Gitala zii. A Fanuwelo: "Pepani, lalowa."

Makina zii. Che Ajusa: "Sikomo, swala."

Ine ndatsala chiimire, pakamwa pali yasa, mpweya uli m'chifuwa.

Msilamu kuuza wa Sabata kuti Sabata lake layamba! Zaka zonsezi awiriwa sanagwirizanepo pa za Mulungu, agwirizana lero, pa ndime yanga.

Ndachonderera. Mphindi ziwiri zokha, a Fanuwelo, Mulungu akudziwa kuti tinachedwa ndi minibasi. Iwo: "Mukanakhala inu, Aphunzitsi, Misa ili pakati?" Zandikwiyitsa kwambiri, poti anena zoona.

Che Ajusa asanabwerere kuchokera kumzikiti, Asiyatu wamasula kale makina, akuthamangira minibasi yomaliza ya ku Phalula. Lonjezo ndi lonjezo. Gitala ndanyamula ine mpaka ku Ulongwe, mwini wake akuyenda manja ali kumbuyo.

Koma sizinathe! A Injiniya akuti makina ndi gitala ali nazo kale m'kompyuta, akhoza kuzibwereza kuti ine ndiimbe pamwamba pake ndekha. Ndifike m'mawa asanapite kukaimbitsa nyimbo kuukwati. Jinja. Uchi. Kugona.

Loweruka, m'mawa

Ndadzuka. Ndaitana bambo a kunyumba kuti aike madzi pamoto. Palibe chatuluka.

Ndayesanso. Mpweya wokha.

Iwo andiyang'ana, amvetsera, ayang'ana kudenga. "Nyumbayi sinakhalepo chonchi." Koma madzi aika, ndipo andiperekeza mpaka pasiteji atandinyamulira fulasiki. Ndikupitabe. Mawu akhoza kubwera panjira.

Loweruka, masana

Sanabwere.

Ndapeza a Injiniya akumwetulira. "Mayi, ndakukonzerani. Phokoso lija la makina ndachotsa lonse, ndaikamo biti yamakono ndi kapiyano." Ayatsa. Yaukhondo, yosalala, ngati nyimbo zonse za m'minibasi. Che Ajusa akumveka ngati mlendo paphwando la eni.

Ndatulutsa cholembera chofiira chochongera mayeso. Papepala: BWEZERANI.

"Koma mayi, pawailesi sangaike zimenezi."

Ndadula mzere kawiri pansi pake. Abwezera.

Kenako ndaima pa maikolofoni. Mahedifoni kumutu. Makina akulira, gitala ikulira, malo anga akubwera. Ndatsegula pakamwa. Chotuluka ndi chija chimatuluka m'pompi ya njinga ikatha chikopa. Katatu. Ulendo wachitatu a Injiniya anayang'ana pansi, ndipo ndikuwathokoza.

"Pali mtsikana wina wa kwaya kuseri kuno, mawu ake ndi okoma. Akhoza kukuimbirani ndime yanuyo."

Papepala: IYAYI.

"Ndiye ndiitsitse pang'onopang'ono ithere pakolasi, zakumapeto zija ndidule?"

Ndaganiza nthawi yaitali. Papepala: SIYANI MMENE ZILILI.

Kadi ili m'manja mwanga. Ndi kakang'ono ngati chikhadabo. Ndakamanga pamfundo ya chitenje. M'minibasi ndalira, koma poti mawu palibe, woyandikana nane amangoona ngati ndi chimfine.

Loweruka, madzulo

Dzuwa lalowa. A Fanuwelo amasuka, abwera kudzatenga gitala yawo, akuti ali okonzeka nthawi iliyonse.

Makina ali ku Phalula. A Injiniya ali kuukwati. Mawu anga kaya ali kuti.

Ndawapatsa gitala yawo ndi tiyi.

Lamulungu

Misa ndakhala pakati pa anthu wamba, koyamba chiyambire. Asopurano ayambiranso pamwamba. Ndangotseka maso.

Ndatuluka zolengeza zisanathe. Pasiteji lole yopita ku Nayuchi yadzaza kale matumba. Katundu wa Che Ajusa: matiresi, sutikesi, ng'oma, kawailesi kolowetsa kadi. Ndi zomwezo basi, munthu wasokera Ulongwe yense.

A Fanuwelo alowetsa kadi. Taima atatu pambali pa lole, mitu pamodzi. Tcheke-tcheke-tcheke. Ndime yoyamba. Yachiwiri. Kolasi. Kenako kukoka mpweya kwakukulu, azana patali, "Pepani, lalowa," "Sikomo, swala," ndi zii.

Che Ajusa abwereza kumapetoko kawiri, wailesi ili pakhutu. "Kupumaku ndi inu, Aphunzitsi?"

Ndagwedeza mutu. Sanaone. A Fanuwelo: "Akuti eya."

"Basi, zakwana. Ndime yanuyo sifuna kadi. Zaka khumi ndi chimodzi mwakhala mukundikuwira nayo khutu lakumanzereli, mukuganiza ingatulukemo?"

Ndinali ndi zambiri zoti ndinene. Ndinazikonza sabata yonse. Kulemba papepala sangawerenge, kulankhula sindingathe. Ndangowagwira dzanja ndi manja awiri, ngakhale sitinagwiranepo chanza chiyambire, mpaka dalaivala waliza hutala.

Ndiye zatha choncho. Nyimbo ya ndime ziwiri ndi nyimbonso. A Fanuwelo akuti tizikumanabe Lachiwiri, awirife, mwina kushedi kwawo. Tiona. Sindikudziwa kuti tizitsatira chiyani.

Lole yanyamuka. Ndakuwa kuti muyende bwino, kwatuluka mpweya wokha. Che Ajusa atembenuka pamwamba pa matumbapo, akweza dzanja, akutsanzika ndi mtima wonse mayi wina wodikira minibasi cha uko, wamsinkhu ngati wanga. Mayiyo wayang'ana kumbuyo kwake, wadabwa, kenako wakweza dzanja nayenso mpaka lole yakhota.

Zikomo mayi, kaya ndinu ndani.